Tsiku Limene Chipeso Anapukuta Nsidze Zake

Inu amene mwatopa ndi kuuzidwa kuti mulibe vuto pamene thupi lanu likukuuzani zina, takhalani pansi mumve za mayi wina amene ine ndimamuvulira chipewa.

Anthu ankamutcha Chipeso, chifukwa chipeso cha mchira wautali sichinkachoka m'thumba la epuloni yake. Anali ndi saluni ya chipinda chimodzi m'mbali mwa msewu waukulu, pakati pa wosoka nsapato ndi wogulitsa mafoni. Mwana wake wamkazi, amene anali asanayambe sukulu, makasitomala anamupatsa dzina loti Kachipeso, ndipo mwiniwake ankavomera monyadira.

Loweruka lina m'mawa, Chipeso anapaka kasitomala mankhwala owongola tsitsi. Mankhwala amenewa safuna kuzengereza, akakhalitsa m'mutu amawotcha khungu, ndipo iye ankadziwa zimenezi kuposa wina aliyense. Anangoti akhale pang'ono pa kampando ka kuseri kwa chitseko kuti miyendo ipume.

Chimene chinamudzutsa ndi kukuwa. Kasitomala uja anali ataweramira pa sinki akudzithira yekha madzi, tsitsi likutsalira m'manja. Chipeso anadzambatuka, koma asanafike pa sinkipo anaona kuti pakona pamene pankasewera mwana panatsala chidole chokha.

Anatuluka wopanda nsapato. Magalimoto anali ataima, mahutala akulira, ndipo wosoka nsapato ankawoloka msewu atanyamula Kachipeso ndi dzanja limodzi, nsapato ya mwini ikadali kudzanja linalo.

"Ndamutola pakati pa msewu," anatero bamboyo. "Ndamufunsa kuti amayi ali kuti, wandiuza kuti ndisasokose, akugona."

Bambo a mwanayo anali dalaivala wa thiraki, ndipo tsiku limenelo anali kutali ndi katundu. Amene anafika masana omwewo ndi apongozi ake a Chipeso, mayi wa mwamuna wake. Sanakalipe. Analongedza zovala za mwana m'chikwama mwakachetechete, kenako anaima pakhomo.

"Amake mwana, ine sindikudani. Mwana uyu ndinamulera ndi botolo inu mkaka utakana kutuluka, ndiye sindingadikire kuti ndikamutole pansi pa galimoto. Mumati mukudwala. Chabwino, kapezeni dzina la matenda anuwo mubwere nalo, mwana abwerera. Koma ngati ndi ulesi, ulesi ulibe mankhwala."

Chipeso anangoyang'ana mwana wake akupita, akumubayibitsa ndi dzanja la chidole. Atabwerera mu saluni anakhala pakati pa tsitsi la kasitomala limene linali mbwee pansi, nalira. Ndipo chomvetsa chisoni kwambiri n'chakuti ali mkati molira, tulo tinamubanso.

Mwina inunso mwayamba kumuweruza. Dikirani kaye.

Mayi ameneyu kale anali moto. Ankaluka ataimirira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, pakamwa posatseka, akuseketsa makasitomala mpaka kuiwala kuti akuwakoka tsitsi. Zinthu zinayamba kusintha atabereka, koma zinasintha mwakabisira, pang'onopang'ono, moti palibe tsiku limene akanaloza kuti linayambira apa.

Ankamva kuzizira ngakhale nthawi yotentha, anzake akudzikupiza iye ali mu jekete. Khungu linauma n'kumatuwa. Tsitsi linayamba kutsalira pa pilo, nsidze zinayamba kutha kuchokera m'mbali. Akaimirira msanga maso ankachita mdima. Ankaiwala pamene waika sizasi, sizasi ali nayo m'manja. Ndipo kutopa kwake sikunali kwa munthu amene wagwira ntchito, kunali kutopa kodzuka nako.

Koma zonsezi palibe amene ankaziona, ndipo chifukwa chake ndi ichi. Amene anamuphunzitsa ntchito anali mayi wolusa wa lamulo limodzi. "Nkhope yako ndiye chikwangwani cha saluni," ankatero. "Ndani angapereke mutu wake kwa munthu wa tsitsi lonyonyoka?" Chipeso anameza lamulolo ali mtsikana ndipo linakhazikika. Khungu likatuwa ankawonjezera mafuta ndi paudala. Nsidze zikatha ankajambula ndi pensulo, bwino kwambiri moti makasitomala ankapempha kuti awakonze ngati zakezo. Tsitsi litachepa anavala wigi imene ngakhale mwamuna wake ankayiyesa tsitsi lenileni masiku oyambirira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Lolemba lotsatira anayamba ulendo wofunafuna dzina lija. Anadzuka molawirira, nakhala pa galasi. Mphamvu zochepa zimene anali nazo anathera pamenepo, chifukwa Chipeso akamapita kuchipatala ankatchena ngati akupita ku ukwati wa munthu amene anamulanda chibwenzi.

Pamzere wa odwala anali ngati mlendo wodzazonda. Nthawi yake itakwana analowa, namwetulira, ndipo atafunsidwa kuti ali bwanji anayankha monga anazolowera kuyankha makasitomala: "Ndili bwino, kaya inu?" Atafunsidwa vuto, anati, "Kutopa chabe."

Musawanene a chipatala. Panja pali mzere wofika kumsewu, wina akubuula, wina mwana wakomoka, ndiye kwalowa mayi wonyezimira amene akuti ndi kutopa chabe. Anamuyeza malungo, osapezeka. Anamuyeza shuga, ali bwinobwino. Magazi anapezeka ochepa pang'ono, anamupatsa mapilisi owonjezera magazi n'kumuuza kuti azipuma mokwanira. Kuuza munthu amene wataya mwana chifukwa cha tulo kuti azipuma mokwanira.

Anamwa mapilisiwo mpaka kutha, osasintha. Anapita chipatala china. Kumeneko anati amaganiza kwambiri. Anapita china. Anayezetsa kachilombo, nabwerezanso, popeza a mumsewu wake anali atamuyeza kale ndi maso n'kumupeza ndi matenda angapo osiyanasiyana. Zonse zinatuluka zabwino.

Saluni inayamba kuzizira ngati mwiniwake. Nkhani ya kasitomala wopsa m'mutu inayenda msanga kuposa thiraki ya mwamuna wake. Chipeso anasiyiratu mankhwala owongola tsitsi, anatsala ndi kuluka kokha, ndipo kampando ka kuseri kwa chitseko anakapereka kwa wosoka nsapato kuti kasamuyesenso. Ankaluka ataimirira, akamva tulo tikubwera n'kudziluma mlomo.

Tsiku lina akuluka mayi wina wachikulire amene sanamuthawe, anaona chipsera chopingasa pakhosi pake. Mayiyo anamufotokozera kuti anachitidwa opaleshoni ya chithokomiro, kachiwalo ka pakhosi kamene kamatulutsa timadzi toyendetsa thupi totchedwa mahomoni. Anati chikafooka munthu amazizidwa, amatopa, tsitsi limathothoka. Manja a Chipeso anaima pakati pa chingwe. Madzulo ake anawerenga pa foni zonse zimene akanatha kupeza, mtima ukugunda ngati wapeza m'bale wotayika.

Anabwerera kuchipatala ndi pempho lomveka: mundiyeze chithokomiro. Anamuuza kuti zimenezo zimachitika ku chipatala chachikulu. Anapempha kalata yomutumiza kumeneko, anamukaniza, anabweranso, anamukanizanso, anabweranso mpaka wolemba kalatayo anayamba kumupatsa moni asanafike pa tebulo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Kalata inalembedwa.

Ku chipatala chachikulu anamutenga magazi n'kumupatsa tsiku lodzamva zotsatira. Pa masabata odikirawo Chipeso anali wosangalala kuposa kale. Tangoganizani munthu kupemphera kuti amupeze ndi matenda.

Lamlungu lililonse ankapita kwa apongozi kukaona mwana. Lamlungu lomaliza asanakamve zotsatira, anapeza Kachipeso akusewera pakhonde. Anali atagoneka chidole chake n'kuchifunditsa thaulo, iye akuyenda monyang'ama mozungulira.

"Ukutani, mwanangu?"

"Musasokose," ananong'ona mwanayo. "Awa ndi amayi. Ine ndikudzisamalira ndekha."

Chipeso anaseka kuti apongozi asaone kanthu, koma mawu amenewo anamulasa kuposa onse amene ananenedwapo za iye.

Tsiku lija linafika. Dokotala amene anamupeza anali mayi wa msinkhu wake, wa maso otopa, tsitsi atangolimanga ndi labala mwachisawawa. Chipeso ataliona, manja anamuyabwa. Dokotalayo anayang'ana pa kompyuta, namugwira pakhosi, namuuza kuti ameze malovu.

"Mayi, zotsatira zikuonetsa kuti chithokomiro chanu chilibe vuto, pakhosi palibenso chotupa. Ndipo kunena zoona, mukuoneka bwino kuposa ine."

Ananena mwachifundo, pofuna kumulimbikitsa. Koma Chipeso anamva ngati chitseko chomaliza chatsekedwa. Anaganiza za mwamuna wake amene pa foni anali atayamba kufunsa motsitsa mawu kuti, "Ndiye amayi ndiwauze chiyani? Madokotala onsewa akunama?" Anathokoza mwaulemu, natenga chikwama, nalunjika kuchitseko.

Pafupi ndi chitsekocho panali kabati ya galasi. Wa saluni sadutsa galasi osayang'anamo, ngakhale mtima utasweka. Anayang'ana, naona mayi wa tsitsi lodzaza, nsidze zoongoka, masaya owala. Ntchito yabwino kwambiri. Ndipo kwa nthawi yoyamba anazindikira kuti miyezi yonseyi madokotala sankaona iye, ankaona ntchito ya manja ake.

Anaima atagwira chitseko. Mawu a mphunzitsi wake anamveka m'mutu ngati ali pomwepo. Panja panali mzere wa anthu, m'chipindamo munali namwino. Chiyambireni ntchito palibe munthu wakunja amene anamuonapo wosadzikonza.

"Adokotala, ndipatseniko thonje ndi madzi pang'ono."

Dokotala anadabwa, koma anakodola namwino. Chipeso anakhalanso pansi. Anazula mapini, navula wigi n'kuiika pamiyendo. Ananyowetsa thonje, napukuta nsidze yakumanja, kenako yakumanzere. Anapukuta masaya, milomo, mphumi. Anavula jekete, nakwinya manja a bulauzi kuti khungu lioneke.

"Wodwala wanu ndi uyu," anatero. "Uja anali wa saluni. Ndipo sindili bwino. Ndakhala ndikunama pa moni."

Dokotala anakankha kompyuta pambali, nakoka mpando wake kufika pafupi. Anayang'ana tsitsi losowa, nsidze zotha, nkhope yotuwa yotupikana. Anamuyeza kuthamanga kwa magazi atakhala, namuyezanso ataimirira, ndipo namwino anachita kumugwira kuti asagwe.

"Munabereka bwanji mwana wanu womaliza?"

"Ndinataya magazi ambiri. Anachita kundiika ena. Akuti ndinatsala pang'ono."

"Munayamwitsa?"

"Mkaka sunatuluke ngakhale dontho."

"Kumwezi munayambiranso?"

Chipeso anaweramitsa mutu. "Chiberekereni, ayi."

"Nanga tsitsi la m'khwapa?"

"Linatha lokha. Ine ndimayesa ndi mwayi, malezala akwera mtengo."

Dokotala anaseka pang'ono, koma maso ake sanaseke. Anamufunsa chifukwa chake sananene zonsezi. Chipeso anayankha zoona: zina ankachita nazo manyazi, zina ankaona ngati ndi nkhani zakale zosakhudzana ndi tulo, ndipo palibe amene anafunsa munthu wooneka bwino chotero.

Pamenepo dokotala anamufotokozera m'mawu osavuta. Anati pansi pa ubongo pali kachiwalo kakang'ono ngati nsawawa, kotchedwa pituwitale, kamene kali ngati bwana wa chithokomiro ndi tiziwalo tina totulutsa mahomoni. Mayi akataya magazi ambiri pobereka, kachiwalo kameneka kamatha kuvulala.

"Kuyeza kumene tinachita kuja kumamvetsera ngati bwanayo akukalipira chithokomiro. Akakhala chete timati ntchito ikuyenda. Koma ndikukayikira kuti wanu wakhala chete chifukwa alibe mphamvu yokalipira. Sindikulonjeza, tiyeze kaye zina."

Musaganize kuti zinathera pomwepo. Magazi ena ankafunika kutengedwa m'mamawa, ndipo kwa Chipeso m'mamawa linali phiri. Tsiku lojambula m'mutu anapeza makina atawonongeka, anabwerera. Atapitanso anapeza dzina lake palibe, anakhala pabenchi mpaka analiikapo. Koma tsopano ankapita nkhope ili mbee, mpango wamba kumutu, ndipo akafunsidwa kuti ali bwanji ankayamba kufotokoza kuyambira tsiku lobereka.

Zotsatira zitabwera, dokotala anamuuza kuti zimene ankakayikira zija zinali zoona. Mahomoni angapo anali otsika kwambiri, ndipo matenda aakulu aliwonse akanamupeza ali choncho akanatha kumutenga. Anamuyambitsa mapilisi a mtundu umodzi kaye, a chithokomiro anadzabwera pambuyo. Anamuuza kuti azimwa moyo wake wonse, asadumphitse, ndipo akadwala china chilichonse azithamangira kuchipatala n'kunena za vuto lakeli.

Munthu wina akanalira pomva za mankhwala a moyo wonse. Chipeso anafunsa chinthu chimodzi: "Ndiye kuti si ulesi?"

"Mayi, anthu a mahomoni ngati anuwa ambiri sadzuka n'komwe pabedi. Inu mwakhala mukuluka anthu mutaimirira. Waulesi sindikumuona pano."

Lamlungu lotsatira anapita kwa apongozi osadzola kanthu kumaso. Apongozi atatsegula chitseko anabwerera m'mbuyo pang'ono. Chipeso anakhala pansi, nachotsa mpango, nafotokoza zonse. Dzina lachizungu la matendawo linamukola lilime, koma chiyambi chake anachinena momveka: magazi aja.

Apongozi anayang'anitsitsa mutu wa mpongozi wawo.

"Tsiku limenelo ndinalipo," anatero potsiriza. "Nsalu zanu ndinachapa ndine. Zitini za mkaka ndinkagula ndine. Zonse ndinaziona ndi maso angawa, koma ndinakutchani waulesi." Anapukuta misozi ndi kuseri kwa dzanja, naimirira. "Ndikalongedze zovala zake."

Apa ndi pamene ine ndimamugomera mayi ameneyu. Chimene anachivutikira miyezi yonse chinali pakhomo, kungotambasula dzanja. Koma anagwira apongozi ake pamkono.

"Ayi, amayi. Dzina ndabwera nalo, koma mphamvu sizinabwerere. Msewu uja ukadali pomwepo. Mubwere naye ndikatsimikiza kuti sindigonanso masana."

Anabwerera kunyumba yekha, akulira njira yonse, koma akudziwa kuti wachita bwino.

Kuchira kunabwera monga anabwerera matenda, mwakachetechete. Tsiku lina anazindikira kuti waiwala jekete kunyumba ndipo sakuzizidwa. Tsiku lina anaimirira msanga, mdima osabwera. Mwamuna wake atafika ndi thiraki anamva kuseka ali kumsewu, naima kaye pakhomo, chifukwa anali ataiwala kamvekedwe kake. Anapepesa mwa njira yake ya anthu osadziwa kupepesa: anaika alamu ya mapilisi pa foni yake, ndipo mpaka lero amaimba ali kutali kufunsa ngati amwedwa.

Makasitomala anayamba kubwerera mmodzimmodzi. Tsitsi linamera, ngakhale silinafike pakale. Nsidze zina zinabwerera, zina zinakana, ndipo zokanazo amazijambulabe, ntchito ndi ntchito. Koma kasitomala akadandaula za kutopa kosatha, Chipeso amamuuza kuti apite kuchipatala, ndipo amawonjezera kuti, "Tsiku limenelo musadzere kuno. Mubwere pochokera."

Loweruka lina m'mawa apongozi analowa mu saluni, dzanja lina atagwira Kachipeso, lina chikwama. Anaika chikwamacho pakona, nakhala pampando wa makasitomala, namasula mpango wawo.

"Mundipake mankhwala owongola aja," anatero akuyang'ana m'galasi. "Ndione ngati mugone."

Chipeso anali asanawagwirenso mankhwalawo chichitikire ngozi ija. Anavala magolovesi, napaka, naima pomwepo maso ali pa wotchi, akucheza. Nthawi itakwana anatsuka. Tsitsi linatuluka losalala, khungu losapsa. Apongozi anadziyang'ana uku ndi uku, nati n'zoonadi manja abwerera, nanyamuka. Chikwama chija anachisiya pakona.

M'mawa mwake Chipeso anadzuka kusanatenthe, namwa mapilisi ake, nasesa, natenthetsa madzi osamba. Kenako anapita pa kabedi ka mwana n'kumugwedeza paphewa. Kachipeso anatsegula maso, naona amayi ake ataimirira, atavala kale, makatani atatsegula. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Amayi, wakudzutsani ndani?"

"Ndadzuka ndekha, mwanangu. Kuyambira lero wodzutsa mnzake ndine."

Inu amene mukuwerenga, mwina mwazungulira zipatala mpaka nsapato kutha, ndipo ena ayamba kukupatsani mayina. Thupi ndi lanu, mukulimva ndinu. Bwererani, funsaninso, pemphani kuti akutumizeni patsogolo. Koma mukalowa m'chipinda cha dokotala, siyani ulemu wa pa moni panja. Nenani zonse, zakale ndi zochititsa manyazi zomwe, pakuti chimene mukuchiyesa chosafunika mwina ndicho akuchisowa.

Chipeso anapeza dzina la matenda ake tsiku limene analimba mtima kuoneka monga analili. Mtima wanu musautaye panjira, mudzaufuna tsiku lodzutsa mwana wanu.